Timabotolo Tisanu M'dirowa

Dzina loti Mayi Atha anawapatsa ndi odwala. Chaka chimenecho dziko linauma mbali zonse. Mvula inadula mbewu zili m'mawondo, mafuta a galimoto anthu ankachita kuwadikirira masiku atatu pamzere, magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa, ndipo pawailesi ankanena tsiku ndi tsiku kuti ndalama zoitanitsira mankhwala kunja kulibe. Mayiwa ankagwira ntchito pawindo la famase pachipatala chachikulu cha m'tauni, ndipo ntchito yawo inatsala imodzi: kulandira kabuku ka wodwala, kuwerenga zimene adokotala alemba, n'kukabweza.

"Atha, bambo. Mukayese kogula."

"Atha, mayi. Mubwerenso sabata yamawa, kaya."

Mashelefu a kumbuyo kwawo anali mbee, fumbi lokhalokha. Mnzawo wa pawindo lachiwiri ankawaseka kuti angowajambula mawu pafoni n'kuisiya pawindopo, onse azipita kukalima. Iwo ankaseka nawo, koma dzinalo linkawawawa. Anaphunzira ntchito yopereka mankhwala, osati yobweza anthu.

Kunyumba ankakhala ndi amuna awo, amene anali mkulu wa mpingo, ana awiri, komanso apongozi awo, mayi a amuna awowo, amene ankadwala mphumu. Mphumu ikawagwira apongoziwo, kupuma kwawo kunkamveka mpaka kukhitchini ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Chimene chinkawathandiza ndi kabotolo kopopera m'kamwa.

Katoni yomaliza ya timabotolo timeneti itafika kuchipatala, Mayi Atha analakwitsa n'kuitchula kunyumba pa tiyi wa m'mawa. Amuna awo anaika kapu pansi.

"Mayi a ana, mmene akupumira amayi mukumva nokha. Inu ndi amene mwakhala pamene pali mankhwala."

"Amenewo ndi a odwala, bambo."

"Nanga amayi ndi chiyani? Mtengo? Chibale ndi fupa, mayi a ana. Katoniyo ikatha simudzaionanso chaka chino, mukudziwa bwino kuposa ine."

Ankadziwadi. Tsiku lomwelo anatenga timabotolo tisanu n'kutibisa m'dirowa ya pansi, kunsi kwa mafomu akale amene palibe ankawakhudza. Kamodzi anapita nako kwa apongozi. Tinayi tinatsala momwemo, kudikira tsiku loipa. Katoni ija inatha masiku atatu okha.

Pafupi ndi geti la chipatala panali sitolo ya zitsulo, ndipo pakhonde pake pankasokera atelala ena, bambo wamfupi wanthabwala, tepi yoyezera ili m'khosi nthawi zonse. Ndi amene anawasokera Mayi Atha yunifolomu. Nawonso anali a mphumu. Ulendo woyamba anabwera pawindo akuseka.

"Mayi, m'chifuwa mwanga muno mwayambika kwaya, ndipo mamembala akuchulukirachulukira. Mulibe koti ndiwabalalitsire?"

"Atha, atelala."

"Ndinadziwa. Ndimangofuna kumva mawu anu okomawo."

Ulendo wachiwiri nthabwala inali yaifupi. Ulendo wachitatu, Lachinayi, sanaseke n'komwe. Anagwira zitsulo za pawindo ndi manja onse awiri, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itachita mbuu.

"Ngakhale kogwiritsa kale ntchito, mayi. Kotsala pang'ono."

Bondo la Mayi Atha linali litatsamira dirowa ija. Anayang'ana mzere wa anthu kumbuyo kwa atelala, anthu oposa makumi atatu, maso onse ali pawindo. Akanatulutsa kamodzi, onse akanaona. Abwana akanafunsa kumene kachokera. Anaganiza kuti akaweruka adutsira pakhonde paja n'kuwapatsira m'manja mwakachetechete.

"Atha," anatero, maso ali pakabuku.

Ataweruka anamva kuti pasiteji pafika basi imodzi yokha, ndipo anathamangira imeneyo. Anadziuza kuti mawa.

Mawa lakelo, dzuwa lili paliwombo, atelala anafika kuchipatala pawilibala. Galimoto inasowa, ambulansi inali pamzere wa mafuta. Amene ankakankha wilibalayo ndi akazi awo pamodzi ndi mwini sitolo ya zitsulo. Mayi Atha anawaona akudutsa pakhonde la famase, miyendo ili lendelende, nsapato imodzi itagwa. Anatsegula dirowa, kabotolo kamodzi m'thumba, n'kuthamangira kuwodi. Kumeneko magetsi kunalibe, jenereta inalibe dizilo, makina othandiza kupuma anangokhala duu pakona ngati kabati. Namwino anaona kabotoloko n'kupukusa mutu.

"Pamene afikapa sangathenso kukoka. Kakanakhala dzulo."

Atelala anamwalira isanakwane thuu koloko. Mayi Atha anabwerera pawindo, anabweza kabotolo m'dirowa, n'kugwira ntchito mpaka nthawi yoweruka, chifukwa mzere unali ukadalipo.

Madzulo anawauza amuna awo ali kuseri kwa nyumba, kumene ankapukuta nsapato.

"Pepani," anatero amunawo. "Koma wapha atelala ndi magetsi, si inu. Mwanena nokha kuti makina anali chete."

"Namwino anati kakanakhala dzulo."

"Namwino ndi Mulungu? Mayi a ana, musadzisenzetse dziko lonse pamutu. Lamulungu lino tikukalapa tonse, mukatule komweko."

Sabata imeneyo boma linali litalengeza kuti Lamulungu likhale tsiku la mapemphero ndi kulapa m'dziko lonse, kuti Mulungu achotse mkwiyo wake. Mipingo ya m'dera lawo inagwirizana zokumana m'tchalitchi chawo chifukwa ndicho chinali chachikulu, ndipo amuna awo ndi amene anasankhidwa kupereka pemphero la kulapa. Anakhala akulilemba masiku anayi, kufufuta ndi kulembanso.

Loweruka m'mawa Mayi Atha anapita kukaonana ndi abusa. Anapeza pa tchalitchi pali piringupiringu, ena akukolopa, ena akutsitsa mipando yobwereka, ena akukoka mawaya a zokuzira mawu. Abusa anali mu ofesi, foni ili kukhutu.

"Malita makumi awiri okha, akulu, jenereta isatichititse manyazi pamaso pa alendo. Ambuye akudalitseni." Anadula foni. "Mayi, khalani. Mwadzuka bwanji? Nenani msangamsanga, lero ndiye mutu wanga suli wanga."

Anafotokoza zonse, kuyambira katoni mpaka wilibala. Abusa ankagwedeza mutu, koma diso limodzi linali pa pulogalamu ya mawa imene inali patebulo.

"N'zomvetsa chisoni. Koma madzi akatayika saoleka, mayi. Mulungu amaona mumtima, ndipo mtima wanu wasweka kale. Zimenezo n'zokwanira."

"Ndikufuna ndikawauze akazi a atelala. Komanso abwana anga."

Apa abusa anaisiya pulogalamu ija.

"Ayi, ayi, ayi. Tiziganiza bwino. Mukawauza amayi ofedwawo muwaonjezera chiyani, kupatula chilonda china? Ndiye amuna anu ndi mkulu wa mpingo, mawa akuimirira pamaso pa anthu onse. Nkhani yotere ikatuluka, anthu sanena kuti mayi wa kufamase. Anena kuti mpingo."

"Ndiye kulapa n'kutani, abusa?"

"Kulapa ndi pakati pa inu ndi Mlengi wanu. Tiyeni tipemphere."

Anatseka maso. Pemphero lisanafike pakati foni inalira, abusa anafulumiza ameni, ndipo Mayi Atha anatuluka akumva kumbuyo kwawo nkhani ya maluwa a kuguwa.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka anthu ena anakhala panja. Kutsogolo kunakhala akuluakulu a m'tauni, a maofesi ndi a mabizinesi, amene galimoto zawo zinali ndandanda pabwalo ngati mafuta amatunga pachitsime. Kuseri kwa tchalitchi jenereta inkalira bwinobwino, osatsokomola ngakhale kamodzi. Mayi Atha anayesetsa kuti asaimve, koma inkawalowa m'mutu kuposa kwaya. Malita makumi awiri. Anayamba kuganiza kuti makina a kuwodi aja akanayenda maola angati ndi dizilo ameneyo, kenako anadzidzudzula okha. Iwo anali ndani kuti aziloza ena chala?

Mlaliki wa mpingo wina anatchula machimo amene agwetsa dziko: uchidakwa, mavalidwe a atsikana, mafoni amene alanda ana, katangale wa anthu osaopa Mulungu. Pa tchimo lililonse anthu ankavomera mokweza, ndipo pa katangale akuluakulu a kutsogolo aja ndi amene anavomera kwambiri. Kenako anaimirira amuna awo, suti yakuda, pepala m'manja. Anapemphera bwino, zimenezo Mayi Atha sakanakana. Mawu awo ankanjenjemera pamalo oyenera.

"Takuchimwirani, Atate, ife ndi makolo athu. Tatseka makutu athu kwa osauka. Tabweza wodwala pakhomo pathu chimanjamanja. Tadzikundikira tokha pamene mbale wathu akusowa."

Amayi ena anayamba kulira mokweza. Mayi Atha anatsegula maso n'kuwayang'ana amuna awo. Ankafuna kuona ngati akudziwa chimene akunena, ngati liwu lina liwatsamwe pakhosi. Silinawatsamwe. Anthu mazanamazana m'nyumba imeneyo ankati tachimwa, tachimwa, ndipo tchimolo likagawidwa kwa onsewo aliyense ankatsala ndi kachidutswa kopepuka koti n'kupita nako kunyumba osakamva. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati ine.

Abusa analengeza mphindi ziwiri zoti aliyense aulule zake chamumtima. Mayi Atha anagwada. Anangoti, "Ambuye, Lachinayi," kiyibodi n'kuyamba kulira, kwaya n'kuimirira, chifukwa pulogalamu inali itachedwa ndipo mlendo wolemekezeka ankayenera kukafikanso kwina. Anakhalabe chogwada, nsagwada zitalimba. Mayi amene anakhala nawo pafupi anawasisita pamsana.

"Mzimu wakukhudzani, amayi. Lirani, musaumirize."

Sunali Mzimu. Unali mkwiyo, ndipo sankadziwa kuti akwiyira ndani kwenikweni: amuna awo, abusa, jenereta, kapena Mulungu amene anaika apongozi awo ndi atelala pa kabotolo kamodzimodzi n'kuwauza iwo kuti asankhe. Anadzuka n'kutuluka nyimbo isanathe, ndipo anayenda wapansi mpaka kunyumba.

Lolemba m'mawa anatenga timabotolo tinayi tija n'kukatiika patebulo la abwana a famase, bambo wonenepa wotopa amene ankayembekezera kupuma pantchito chaka chotsatira. Anafotokoza. Abwanawo anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Mulembe lipoti. Chilango chimene chilipo ndilandira."

"Lipoti." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anakoka dirowa yawo n'kuwaonetsa: mapaketi a mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi. "Awa ndi a akazi anga. Mnzanu wa pawindo lachiwiri ali ndi mwana wakhunyu, mukuganiza kuti m'chikwama mwake muli chiyani? Ndikalemba lipoti la inu, abwera anthu kudzatsegula madirowa onse m'chipatala muno, ndipo mawa pawindo padzakhala mlonda. Mayi, ngati mapemphero adzulo akukuvutani, musatiphere limodzi. Tengani tinthu tanuti. Sindinationepo."

Anatitenga. Anakatiika pashelefu, poyera, pamalo pake. Wodwala wachitatu pamzere anali mtsikana wa sukulu ndi mayi ake, kabuku kake kolembedwa mphumu. Mayi Atha anatembenuka, anatenga kamodzi, n'kukapereka. Mayi wa mtsikanayo anakayang'ana kawiri ngati wapatsidwa ndi munthu wamisala. Mbiri inayenda pamzere ngati moto wa kutchire, ndipo isanakwane naini koloko tonse tinayi tinali titapita. Anthu ena khumi ndi awiri amene anathamangira pawindo atamva kuti mankhwala afika anabwerera akutukwana, ena akuti mayiyu amapatsa abale ake okha.

Kunyumba sanadikire kufunsidwa. Ananena ali chiimire pabalaza, chikwama chikadali paphewa. Amuna awo anavula magalasi.

"Tonse tinayi?"

"Tonse."

"Osasiyako ngakhale kamodzi? Mayi a ana, mutu wanu ukuyenda bwino? Ka amayi katsala pang'ono kutha!"

"Munapemphera nokha dzulo. Tadzikundikira tokha pamene mbale wathu akusowa. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Limene lija linali pemphero la dziko!"

"Dziko lake liti, bambo? Lili ndi dirowa dzikolo?"

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Apongozi anaima pamenepo atagwira chimango, kabotolo kawo kali m'dzanja. Anali atamva zonse.

"Ndiye mwaona kuti wofa ndikhale ine," anatero. "Kulapa kwanu mwalapira pa chifuwa changa."

Mayi Atha anadziwa kuti zinali zoona ndithu. Anangoti, "Pepani, amayi. Tifunafuna kogula." Apongozi anabwerera m'chipinda n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake m'nyumbamo munalibe wolankhula ndi mnzake, kupatula ana.

Lachitatu anapempha kuweruka msanga. Mwini sitolo ya zitsulo anawalozera njira ya kwa atelala: kudutsa msika, kutsika kumene kuli mpope wa madzi, nyumba yachitatu ya chitseko chobiriwira. Anthu obwera kudzapepesa anali atabalalika kale. Anapeza akazi a atelala ali okha pakhonde, atazunguliridwa ndi mapepala apulasitiki a zovala zimene amuna awo anasiya asanamalize, akuyesa kuzindikira kuti ichi n'cha yani. Makina osokera anali pomwepo, atangowabweretsa kuchokera kusitolo kuja.

"Ndakudziwani," anatero mayiwo. "Ndinu a pawindo. Munathamanga tsiku lija, ndinakuonani. Zikomo."

Zikomo ameneyo anatsala pang'ono kuwabweza. Anakhala pansi pa sitepe, osati pampando umene anawalozera, ndipo ananena zonse mosazungulira. Anati kabotolo kamene anathamanga nako Lachisanu kanalipo Lachinayi, ndi Lachiwiri, ndi sabata yapitayo. Anati atelala anapempha ngakhale kotsala pang'ono, ndipo iwo anayankha kuti atha, bondo lili pa dirowa. Za apongozi anatchula, koma sanazikometse.

Mayi wamasiyeyo ankangopinda ndi kutambasula buluku la sukulu lopanda zipi.

"Anabwera Lachinayi lija akukutetezani," anatero kenako. "Ine ndinkatukwana a chipatala, iwo amvekere, mayi uja ndi munthu wabwino, akanakhala nako akanandipatsa."

Mayi Atha anaweramitsa mutu.

"Ndiye mwabwera kudzatani? Kuti ndinene kuti palibe kanthu, mukagone tulo?"

"Ayi. Ndinaona kuti muyenera kudziwa."

"Ndinapempha kudziwa ine? Dzulo ndinkadana ndi boma, ndipo boma lilibe nkhope, ndinkatha kugona. Lero mwandipatsa nkhope yanu. Ndizipita nayo kuti?" Anapukuta m'maso ndi buluku lija. "Inu opemphera mumadabwitsa. Katundu akakulemerani mumafunafuna pomutula, basi."

"N'kutheka kuti ndi choncho," anatero Mayi Atha. "Sindikudziwanso."

"Zokhululuka musandifunse. Kaya mwina chaka chamawa, kaya ayi. Sindikudziwa."

"Sindikufunsani."

Kenako mayi wamasiyeyo anadzuka n'kuyang'ana makina aja.

"Awa sangagone panja, akuba achuluka. Ndekha sindingathe. Gwirani uko."

Ananyamula awiriwiri, chitsulo cholemera chikuwadya m'zala, mwendo umodzi wa makinawo ukukola pachitseko mpaka anachita kuwapendeketsa. Anawaika pakona pa chipinda chochezera, pafupi ndi ana atatu amene anakhala pamphasa akuyang'ana mlendoyo. Mayi wamasiyeyo sanawaperekeze. Anangoti, "Muzipita, kusanade," n'kubwerera ku zovala zake.

Basi kunalibe. Mayi Atha anayamba ulendo wapansi, dzuwa litapendeka. Sanamve kupepukidwa kumene alaliki amalonjeza. Mapewa ankawawa, ndipo mumtima munali momwemo, mwina kuposa kale. Anayesa kupemphera akuyenda, ndipo pemphero limene linatuluka silinali laulemu. Anamuuza Mulungu kuti achita zimene anaona kuti n'zoyenera ndipo palibe chimene chakonzeka: atelala ali m'manda, mkazi wawo wapwetekedwa kawiri, apongozi akuwerenga mpweya wotsala m'kabotolo, mvula sikugwa. Anamufunsa ngati ankafuna zimenezi. Yankho sanalimve, koma anapitiriza kulankhula mpaka pamphambano ya msewu waukulu, ndipo kanali koyamba kuchokera Lachisanu kuti pemphero lawo lifike kumapeto popanda wolidula.

Pamphambanopo anakumana ndi amuna awo akuchokera mbali ya kutauni, nsapato zili fumbi lokhalokha, jekete lili pamkono. Anali atazungulira ma famase ogulitsa asanu ndi awiri kufunafuna kabotolo ka mayi awo. M'manja munalibe kanthu.

"Akuti mwina Loweruka, ku famase ya pafupi ndi siteji," anatero osawayang'ana. "Ndalembetsa dzina."

Anayenda limodzi, amunawo patsogolo pang'ono. Anadutsa mzere wa galimoto zodikira mafuta, madalaivala atakhala pamabonati akusewera makhadi. Atatsala pang'ono kufika kunyumba, amunawo anafunsa chakutsogolo.

"Munapitadi kwa atelala kuja?"

"Ndinapita."

"Anati chiyani?"

"Anati sakudziwa."

Anayendanso pang'ono.

"Asiya ana angati?"

"Atatu. Wamng'ono sanayambe sukulu."

Amuna awo anasamutsira jekete kumkono wina. Atafika pageti anaima n'kuwasiya akazi awo kuti alowe poyamba.